ZA PAKHOMO: KUSANKHA FYULUTA YA THANKI YA NSOMBA M'NYUMBA

Ku dera la mafakitale la Heavy Industrial Area mu mzinda wa Lusaka, kumene misewu ya Lumumba ndi Mungwi imadzaza ndi magalimoto akulu-akulu kuyambira mbandakuca, kuli bambo wina amene nchito yake ndi kudula magalasi. Iye akhala ku Kanyama, ndipo m'mawa uli wonse amakumana pa cipata ca fakitale ndi anchito anzake ocokera ku Matero, ku George ndi ku Chawama. Kwa zaka zambiri bamboyu anali kudulira anthu ena magalasi a mawindo, koma tsiku lina anaganiza zodzipangira cinthu cake-cake, ndico thanki ya galasi yowetera nsomba m'nyumba, yonga imene anaiona mu ofesi ina m'tauni.

Anagula galasi locindikala mamilimita 10, napanga thanki ya masentimita 120 m'litali, 40 m'lifupi ndi 50 msinkhu wake. Miyendo yacitsulo inapangidwa ndi mlamu wake amene awocherera zitsulo ku Kalingalinga, m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata. M'thankimo anaikamo nsomba 20 za mtundu wa mbuna, zija za m'miyala ya m'nyanja ya Malawi, zina zobiriwira ngati thambo, zina zacikasu. Ana a m'nyumba zoyandikana anali kubwera madzulo kudzaonerera. Pofuna kuti madzi azikhala oyera, bamboyu anasunga ndalama miyezi itatu nagula fyuluta imene ogulitsa amaicha canister, ndipo anasankha yaikulu kopambana zonse zimene zinali m'sitolo.

Zonse zinayenda bwino kufikira caka ca 2024. M'mwezi wa September magetsi anayamba kusowa pafupi-fupi tsiku lonse. Usiku wina anabwera anthu ali m'tulo, fyuluta ija niyamba kuzungulira yokha. Kutaca mwana wamng'ono ndiye anayamba kuona.

“Atate, bwerani mudzaone, nsomba zagona cagada!”

Pa nsomba 20 zija zinatsala 3 zokha, ndipo m'nyumba monse munali kununkha ngati mazira oola. Amai a m'nyumbamo anangogwira pakamwa nati, “Inu abambo, ndalama zonse zija tikadagula matumba a ufa bwenzi tikudya kufikira Khirisimasi.”

Fyuluta ija sinali yoonongeka, ndipo wogulitsa sananame. Colakwa cinali m'kasankhidwe. Bamboyu anasankha poyang'ana kukula kwa mgolo ndi nambala ya pa bokosi, osadzifunsa cimene cidzacitika m'kati mwa mgolowo pa tsiku la mdima. Akulu anati cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

NCHITO YENI-YENI YA FYULUTA

Anthu ambiri amaganiza kuti fyuluta imangocotsa zinyalala zooneka ndi maso kuti madzi akhale mbee. Imeneyo ndi nchito yake ndithu, koma ndi yaing'ono. Nsomba iri yonse imatulutsa poizoni wochedwa amoniya, kudzera m'ziwalo zake zopumira ndi m'zonyansa zake. Cakudya cotsala cikamaola cimaonjezera poizoni yemweyo. M'nyanja kapena mu mtsinje wa Kafue madzi ndi oculuka kotero kuti amoniya amasungunuka osavulaza kanthu, koma m'thanki ya m'nyumba alibe kolowera.

Cimene cimapulumutsa nsomba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya, amene amamatirira pa siponji, pa miyala ndi pa ciri conse cimene madzi amadutsapo. Gulu loyamba la mabakiteriyawa limasandutsa amoniya kukhala nitrite, amene nayenso ndi poizoni. Gulu laciwiri limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene savulaza msanga, ndipo woweta amamcepetsa pocotsako gawo la madzi sabata iri yonse ndi kuthiramo atsopano. M'fyuluta yatsopano mabakiteriyawa amatenga masabata 4 kufikira 6 kuti aculuke mokwanira. Motero fyuluta ndi khola la ziweto zosaoneka, ndipo ziwetozi zimafuna mpweya wa okosijeni monga momwe nsomba ziufunira. Mpweyawo zimaulandira kucokera m'madzi oyenda. Madzi akaima, mpweya nawonso waima.

MMENE CANISTER IPANGIDWIRA

Canister ndi mgolo wa pulasitiki wotsekeka zolimba umene umakhala pansi pa thanki, kawiri-kawiri m'kabati. Paipi imodzi imatsitsira madzi mu mgolomo, madziwo nadutsa m'timadengu tosanjikizana. M'kadengu koyamba mumakhala siponji ya maenje akulu yogwira zinyalala, m'kotsatira mumakhala timphete tadothi lootcha m'mene mabakiteriya amakhalamo, ndipo potsiriza pamakhala thonje losalala logwira fumbi. Pampu imene iri pa civundikiro imakankha madziwo kubwerera m'thanki kudzera m'paipi yaciwiri.

Mafyuluta a mtundu uwu anayamba kufala m'zaka za m'ma 1960 kucokera ku kampani ya Eheim ya ku Germany. Pambuyo pake panabwera ena monga Fluval, a kampani ya Hagen ya ku Canada, ndi ochipirapo a ku China monga SunSun. Ubwino wa canister ndi wakuti imanyamula zosefera zambiri, sicita phokoso, ndipo sitenga malo m'thanki. Koma kutsekeka kwake komweko ndiko kumabweretsa ngozi. Pampu ikaima, mpweya wocepa umene uli mu mgolo umatha, maka-maka ngati mgolowo wadzaza ndi matope a zonyansa. Pakapita maola ambiri zonse za m'katimo zimayamba kuola. Magetsi akabwera, pampu imathira madzi oolawo m'thanki momwe nsomba zafooka kale cifukwa cosowa mpweya. Izi ndizo zinacitika ku Kanyama usiku uja.

FUNSO LOYAMBA NDI LA MAGETSI

M'maiko amene mafyulutawa amapangidwa magetsi sathima kawiri-kawiri, cotero malangizo a pa bokosi sanena zambiri za nkhaniyi. M'dziko la Zambia gawo lalikulu la magetsi limacokera ku mphamvu ya madzi, ku Kariba, ku Kafue Gorge ndi ku Itezhi-Tezhi. Mvula ikacepa magetsi nawonso amacepa, monga zinacitikira m'caka ca 2015 ndi ca 2019. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse, ndipo pofika September mabanja ambiri anali kulandira magetsi maola 3 okha pa tsiku. Cilala cidzabweranso, pakuti ndi mlendo wozolowera njira. Wogula fyuluta ayenera kucikumbukira asanatulutse ndalama m'thumba.

Coyamba kuyang'ana pa bokosi ndi mawati, ndiye kuti kuculuka kwa magetsi amene pampu imadya. Canister ya mawati 20 ikayenda usana ndi usiku imadya mayunitsi 14.4 pa mwezi wa masiku 30. Pampu yotere ingayende usiku wonse pa batire ya mavolti 12 yolumikizidwa ku inveta yaing'ono, ndipo batireyo ingadzazidwe ndi sola masana. Pampu ya mawati 50 kapena 60 imamaliza batire yomweyo msanga. Mafyuluta ena amabwera ndi nyali ya UV m'kati mwake. Nyaliyi imathandiza madzi akasanduka obiriwira ndi ndere, koma imaonjezera magetsi ndipo si yofunika pa thanki iri yonse. Ngati iripo, ikhale ndi switchi yake-yake.

Caciwiri, fyuluta ikhale yosavuta kutsegula. Magetsi akathima kwa nthawi yaitali ndipo palibe batire, woweta ayenera kutseka mapaipi, kutsegula mgolo, kutulutsa timadengu ndi kutiika m'beseni momwe muli madzi pang'ono ocokera m'thanki kuti mpweya uzifika. Madzi otsala mu mgolo awataye asanayatsenso pampu. Nchito imeneyi imacitika mu mdima, ndi kandulo kapena nyali ya pa foni, ndipo fyuluta yopanda timadengu kapena ya zotsekera zolimba idzamgwetsa ulesi munthu.

Cacitatu, magetsi a m'dziko lino ndi a mavolti 230. Fyuluta yotumizidwa ndi wacibale kucokera ku America, kumene magetsi ndi a mavolti 120, idzapsa ikangolumikizidwa. Ndi bwinonso kuika kacipangizo kaja kamene anthu amachinjirizira furiji, cifukwa magetsi akamabwera nthawi zina amafika ndi mphamvu yopyola muyeso.

KUKULA KWA THANKI

Munthu asanapite ku sitolo ayambe wadziwa malita a thanki yake. Aculukitse litali ndi lifupi ndi msinkhu m'masentimita, kenaka agawe ndi 1,000. Thanki ya bambo uja, ya 120 ndi 40 ndi 50, ndi ya malita 240. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, cotero thanki yotere pamodzi ndi galasi ndi miyala imalemera kuposa matumba 10 a ufa a makilogalamu 25. Thebulo wamba singanyamule katundu wotere.

Oweta ozolowera amati madzi onse a m'thanki adutse m'fyuluta kanai kapena kasanu pa ola. Pa malita 240 ndiye kuti pafunika malita 960 kufikira 1,200 pa ola. Koma nambala yolembedwa pa bokosi imayesedwa mgolo uli wopanda kanthu. Mukaikidwa masiponji ndi timphete, mapaipi nakhala atali, mphamvu imatsika, nthawi zina kufika pa theka. Cotero ndi nzeru kusankha nambala yokwererapo pang'ono, koma osapyola malire mpaka kugula cimphona comadya magetsi ngati mbaula. Pa mafyuluta awiri a mphamvu yofanana, yabwino ndi ya mgolo wotakasuka, cifukwa mabakiteriya amafuna malo.

Mtundu wa nsomba nawonso uli ndi mau ake. Mbuna zimadya kwambiri, zimaipitsa madzi msanga ndipo zimakonda madzi oyenda. Nsomba za goldfish nazonso zimatulutsa zonyansa zambiri. Koma nsomba za zipsepse zazitali monga angelfish zimavutika ngati madzi athamanga, ndipo pa izo pafunika fyuluta imene mphamvu yake ingacepetsedwe.

MADZI A MU LUSAKA

Mzinda wa Lusaka unamangidwa pa miyala ya laimu. Mai ali yense amene amaphika madzi a m'cigayo ca pansi, ca borehole, adziwa zoyera zija zimene zimakakamira m'kati mwa ketulo. Madzi otere amachedwa olimba, ndipo kwa woweta mbuna kapena nsomba za m'nyanja ya Tanganyika zocokera ku Mpulungu umenewu ndi mwai, cifukwa nyanja ziwirizi nazonso madzi ake ali ndi mcere wa m'miyala. Woweta nsomba zimenezi asataye ndalama pogula mankhwala ofewetsera madzi oika m'fyuluta. Amene afuna nsomba za ku South America monga discus, zokonda madzi ofewa, adziwiretu kuti wasankha njira yokwera mtengo.

Laimu yemweyo amakakamiranso m'mapaipi ndi pa kagudumu ka mapiko kamene kamazungulira m'pampu, kochedwa impeller. Cotero wogula aone ngati kagudumuko kamacoka mosavuta kuti azikaviika mu viniga ndi kukatsuka.

Madzi a pa pompi, kaya ocokera ku Kafue kaya a m'zitsime zakuya, amathiridwa klorini kuti anthu asadwale. Klorini imapha tizilombo toipa, koma imaphanso mabakiteriya a m'fyuluta. Munthu akatsuka siponji pa pompi amaononga pa mphindi zisanu nchito ya masabata asanu. Zosefera zonse zitsukidwe m'ndowa ya madzi ocokera m'thanki momwemo, popanda sopo. Madzi atsopano ayambe akhala m'ndowa yosavundikira tsiku limodzi kapena awiri, kapena athiridwe mankhwala ocotsa klorini amene amagulitsidwa kumene kugulitsidwa nsombazo. Madzi a m'zitsime zosaya za m'makomboni sayenera konse, pakuti nthawi ya mvula amasakanizika ndi za m'zimbudzi ndipo amafika ali kale ndi poizoni amene fyuluta ikulimbana naye.

ZOFUNSA M'SITOLO

Safunsa anadya phula. Wogula apemphe kuti bokosi litsegulidwe, agwire ndi manja ake, ndipo afunse wogulitsa mwaulemu koma mosaopa. Zinthu ziwiri zimatha msanga pa canister iri yonse: mphira yozungulira imene imatseka civundikiro, ndi kagudumu kaja ka m'pampu. Ngati ziwirizi sizipezeka mu Lusaka, fyuluta yonse idzakhala cidebe cabe tsiku limene cimodzi cidzaonongeka. Fyuluta ya dzina losachuka imene zida zake zipezeka pafupi iposa ya dzina lomveka imene zida zake ziyenera kuitanitsidwa ku Johannesburg.

Aonenso ngati pa mapaipi pali timipopi totsekera madzi, kuti mgolo uzicotsedwa popanda kunyowetsa nyumba. Mapaipi ofala ndi a mamilimita 12 ndi a mamilimita 16 m'kati mwake, ndipo a miyeso imeneyi savuta kupeza m'masitolo a zida zomangira. Aone ngati pali batani lokokera madzi poyamba. Akafika nayo kunyumba aiyese pozimitsa ndi kuyatsanso kangapo, kuti atsimikize kuti imayamba yokha popanda kuigwedeza. Fyuluta yogulidwa kwa munthu wina iyambe yayenda tsiku lathunthu pabwalo isanalowe m'nyumba.

Canister iyenera kukhala pansi pa thanki cifukwa madzi amatsikira mu mgolo okha. Koma ku Kanyama ndi m'makomboni ena madzi a mvula amalowa m'nyumba m'miyezi ya January ndi February. Mgolo uikidwe m'beseni pamwamba pa njerwa, ndipo mapulagi onse akhomeredwe pa khoma, kutali ndi pansi. Nthambo ya magetsi ilendewere pang'ono isanakwere ku pulagi, kuti dontho lotsetsereka ligwere pansi. Madzi ndi magetsi zikakumana m'nyumba ya ana, cotaika cingapose nsomba.

ODZIPANGIRA OKHA

Anchito a ku Heavy Industrial Area ndi anthu a luso, ndipo ena amadzipangira canister ndi cigubu ca pulasitiki, pampu yogula padera ndi mapaipi. Zimatheka ndithu, koma pali misampha itatu. Woyamba ndi zigubu zimene munali mafuta a makina, penti kapena mankhwala a m'fakitale. Ngakhale zitatsukidwa kakhumi, poizoni amatsalira m'pulasitiki. Zoyenera ndi zatsopano kapena zimene munali zakudya. Waciwiri ndi silikoni womatira m'bafa, amene amakhala ndi mankhwala oletsa nkhungu. Mankhwalawo amapha nsomba, cotero pa thanki ndi pa fyuluta pafunika silikoni wopanda zosakaniza. Wacitatu ndi makala. M'mafyuluta ena mumaikidwa makala apadera ootchedwa m'fakitale kuti azimwa fungo ndi mtundu wa madzi. Malasha a pa mbaula sacita nchito imeneyi. Ngakhale makala eni-eniwo amatha mphamvu pakapita masabata owerengeka, ndipo thanki yosamalidwa bwino ingakhale popanda iwo. M'malo mwa timphete tadothi, amene ndalama zamcepera angathe kudzaza kadengu ndi timasiponji tapulasitiki tokwecera mapoto, tatsopano ndiponso topanda sopo.

SI ONSE AFUNIKA CANISTER

Thanki yosafika malita 100, monga zimene ana a sukulu amaweteramo maguppy ku Mtendere kapena ku Matero, siifuna canister. Siponji yoikidwa m'madzi momwemo, yoyendetsedwa ndi kapampu ka mpweya ka mawati 3 kapena 5, imakwanira. Timapampu tina timayenda ndi mabatire a tochi, tina ndi power bank ya foni. Siponji yotere magetsi akathima siola msanga cifukwa iri poyera m'madzi a m'thanki. Ngakhale mwini thanki yaikulu acita bwino kuika siponji imodzi pa ngodya monga mlonda, kuti canister ikaima pakhalebe mpweya ndi mabakiteriya amoyo. Kasiponji kena kavekedwe kukamwa kwa paipi yokokera madzi, kuti zinyalala zambiri zigwidwe zisanalowe mu mgolo. Mgolo waukhondo umapirira mdima nthawi yaitali kuposa wa matope. Pa masiku amene magetsi avuta, cakudya ca nsomba cicepetsedwe. Nsomba yaikulu yathanzi ingakhale masiku angapo osadya, koma singakhale m'madzi oola.

CENJEZO KWA BANJA LONSE

Madzi a m'thanki angaoneke oyera kuposa a pa pompi, koma si akumwa. Fyuluta ya nsomba sipha tizilombo ta kolera kapena ta matenda ena a m'mimba. Anthu a mu Lusaka sanaiwale mliri wa kolera wa 2017 ndi 2018, ndiponso wa 2023 ndi 2024 pamene bwalo la masewera la Heroes linasandutsidwa cipatala. Madzi akumwa apitirire kuphitsidwa kapena kuthiridwa klorini, ndipo asungidwe m'ndowa yosiyana ndi ya nsomba. Munthu asayamwe paipi ndi pakamwa pofuna kukoka madzi, ndipo akatha kugwira za m'thanki asambe m'manja ndi sopo.

Bambo wa ku Kanyama uja sanasiye kuweta. Fyuluta yaikulu ija anaigulitsa, nagula ina ya mawati ocepa imene imayenda pa batire yodzazidwa ndi sola ya pa denga. Pa ngodya ya thanki anaikapo siponji ndi kapampu ka mpweya. Nsomba anazicepetsa kukhala 12, ndipo anayembekeza masabata 6 asanaonjezere pa zitatu zija zinapulumuka. Loweruka liri lonse iye ndi mwana uja amacotsa ndowa zitatu za madzi m'thanki, ndipo amai amathirira nawo repu amene anabzala m'masaka kuseri kwa nyumba. Repuyo amabiriwira kwambiri, cifukwa nitrate amene nsomba sizimfuna ndi cakudya ca mbeu.

Walira mvula walira matope. Amene afuna kukongoletsa nyumba yake ndi nsomba avomere kuti walandira zamoyo zimene sizingathe kuthawa kapena kulira zikavutika. Asanalipire ku sitolo ayambe wadziwa malita a thanki yake, mtundu wa madzi a kwawo, kumene adzapeza mphira ndi kagudumu kosinthira, ndiponso cimene adzacita magetsi akathima pakati pa usiku.

Sabata ya mawa danga lino lidzakamba za kasamalidwe ka nsomba m'miyezi yozizira ya June ndi July, pamene madzi a m'thanki amazizira kuposa mmene mbuna zifunira.